Nkana ya ku Kitwe: chaka cha yani chidaposa zonse?

Palibe timu ku Zambia imene idatenga ligi kambirimbiri kuposa Nkana ya ku Kitwe. Idaitenga ka 13, pamene Mufulira Wanderers ndi ZESCO United ya ku Ndola, zomwe zikuitsatira, zili ndi 9 iliyonse. Pamenepa satsutsa ngakhale a Power Dynamos, aneba awo a ku Ndeke amene sagwirizana nawo pa china chilichonse. Mkangano umabuka mukafunsa funso lina: mwa anyamata onse amene adavala malaya ofiira aja, ndani adasewera chaka chimodzi chokoma kuposa anzake? Sitikunena za amene adakhalitsa pa timuyi kapena amene adakatchuka kunja. Tikunena chaka chimodzi chokha, kuyambira masewero oyamba mpaka otsiriza.

Kuti funsoli liyankhike bwino tiyambire kumgodi, chifukwa mphamvu za Nkana zakhala zikukwera ndi kutsika limodzi ndi mkuwa. Mgodi wa Nkana udayamba kutulutsa mkuwa mu 1932 pansi pa kampani ya Rhokana Corporation, ndipo timuyi idabadwa mu 1935 ndi dzina loti Rhokana United, tauni ya Kitwe isanakhazikitsidwe n'komwe. Anthu ankachokera ku Luapula, ku Kasama, ku Fort Jameson komwe lero ndi Chipata, ku Tanganyika ndi ku Nyasaland kudzalowa ntchito. Ambiri mwa Anyasa, poti adaphunzira kumishoni, ankagwira ntchito ya ukalaliki. Eni mgodi sadalimbikitse mpira chifukwa choukonda basi. Adaona sitalaka ya 1935, adaonanso ya 1940 pamene asilikali adawombera anthu pa Nkana pomwepo n'kupha 17, ndipo adadziwa kuti amuna masauzande okhala mothinana m'komboni ayenera kukhala ndi chochita Loweruka ndi Lamlungu. Mpira wa masiku amenewo udali wa tsankho, azungu ndi bungwe lawo, anthu akuda ndi lawo. Ligi ya dziko lonse yosaona khungu idayamba mu 1962.

Chimene masapota a lero sakonda kukumbutsidwa n'chakuti kwa zaka 20 zoyamba za ligiyo, Rhokana sidaitengeko ngakhale kamodzi. Roan United ya ku Luanshya ndiyo idayamba, kenako Mufulira Wanderers ndi Kabwe Warriors zidasinthana chikhocho m'ma 1960 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1970, ndipo zitatopa padabwera asilikali a Green Buffaloes. Rhokana inkatola zikho zina apa ndi apo, koma ligi inkaidutsa. Sikuti idalibe anthu. Freddie Mwila adachoka pa timuyi kupita ku Atlanta Chiefs ku America, ndipo mu 1969 adalowa Aston Villa ku England limodzi ndi Emment Kapengwe wa Kitwe United, nthawi imene munthu wa ku Zambia kusewera ku Ulaya idali nkhani yosowa. Kudali Moses Simwala kuphiko. Kudali Brighton Sinyangwe, amene adabweza chigoli kumapeto kwenikweni pamene Zambia idalepherana ndi Zaire 2-2 mu ndime yotsiriza ya chikho cha Africa ku Cairo mu 1974. Kudabweranso Bernard Chanda, yemwe ankamutcha Bomber, amene adadziwika ku Mufulira asanasamukire ku Kitwe, munthu amene adamwetsa zigoli zitatu yekha pogonjetsa Congo mu semifainolo ya mpikisano womwewo. Achikulire amene adamuona Chanda amakwiya mukamusiya kunja kwa mndandanda. Ine ndimamusiya, ndipo chifukwa chake n'chimodzi: zaka zake pa Rhokana sizidabweretse ligi ku Wusakile, komboni imene kuli bwalo la timuyi.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa pali mthunzi umene umaphimba nkhani iliyonse ya zigoli ku Kitwe. Mu 1968 Godfrey Chitalu, akusewera Kitwe United ya ku Buchi, adamwetsa zigoli 81 n'kukhala woyamba kulandira mphotho ya wosewera wopambana wa chaka ku Zambia. Mu 1972, ali ku Kabwe Warriors, adafika pa 107. Lionel Messi atamwetsa 91 mu 2012 dziko lonse n'kumati waswa mbiri, a ku Zambia adadzuka n'kunena kuti Chitalu, amene ankamutcha Ucar, adapitirira pamenepo kalekale. Bungwe la FIFA lidayankha kuti silisunga ziwerengero za maligi a m'mayiko, choncho silingatsimikize. Anthu adachita kukafukula nyuzipepala zakale kuti awerenge chigoli chimodzichimodzi. Ngati zidavuta choncho kwa Chitalu, amene dziko lonse limamudziwa, kuli bwanji kwa mnyamata wapakati amene ntchito yake idali kulanda mpira? N'chifukwa chake poyeza zaka za osewera a Nkana sindidalira kuchuluka kwa zigoli kokha. Ndimafunsa ngati timu idatenga ligi chaka chimenecho, ngati munthuyo adaonekanso pamene ankakumana ndi matimu akuluakulu a mu Africa, ndiponso kuti timuyo ikadakhala yotani iye akadapanda kukhalapo.

Zinthu zidatembenuka mu 1982. Chaka chimenecho boma lidaphatikiza makampani awiri a migodi kukhala ZCCM, ndipo m'nyengo yomweyo dzina la Rhokana lidasiyidwa, timu n'kukhala Nkana Red Devils. Simwala adali atasiya kusewera n'kukhala mphunzitsi, ndipo poyamba ankathandizana ndi Mngelezi Jeff Butler, amene pambuyo pake adakatchuka ku Kaizer Chiefs. Ligi idabwera mu 1982, 1983, 1985, 1986, 1988, 1989, 1990 ndi 1992. M'zaka 11, idawapulumuka katatu kokha: Power Dynamos mu 1984 ndi 1991, Kabwe Warriors mu 1987.

Tiyenera kumvetsa mmene wosewera wa nthawi imeneyo ankakhalira. Pa pepala adali wantchito wa mgodi. Adali ndi nambala yake, malipiro a pamwezi, nyumba ya kampani, chipatala cha mgodi iye ndi banja lake, koma ntchito yake yeniyeni idali kubwalo. Bwalolo, lomwe kale linkatchedwa Scrivener ndipo anthu amangoti Chilata, lili m'kati mwa Wusakile, pafupi ndi chimulu chakuda cha zotsalira za ng'anjo chimene amati Black Mountain. Tsiku la masewero anthu a ku Wusakile ndi ku Chamboli ankangoyenda wapansi, ena atangotuluka kumene pansi pa nthaka, maso akadali ofiira ndi tulo ta shifiti ya usiku. Mphepo ikatembenuka, utsi wa kung'anjo unkafika mpaka pamipando n'kumatsokomoletsa alendo. Wosewera akaphonya chigoli Lamlungu, Lolemba ankakumana ndi omwe adamutukwana aja kusitolo, kuchipatala ndi panjira ya kusukulu ya ana ake. Amene sadapeze malo ankazungulira wayilesi kumvera Dennis Liwewe, mwana wa ku Malawi amene adasamukira ku Zambia n'kugwira ntchito ya zofalitsa nkhani m'makampani a migodi, ndipo mawu ake adasanduka mawu a mpira wa dziko lonselo.

Chodabwitsa cha Nkana yoyambirirayo n'chakuti inkatenga ligi, koma mphotho za munthu payekha zinkapita kwina. Wosewera wa chaka mu 1982 adali Peter Kaumba wa Power Dynamos, ndipo mu 1984 adali Kalusha Bwalya wa Mufulira Wanderers. Mphamvu ya Simwala idali pakati ndi kumbuyo: Jericho Shinde amene ankamutcha Russian Tank, Kapambwe Mulenga, Fighton Simukonda, Ben Bamfuchile, ndi Beston Chambeshi wothamanga uja kutsogolo. Mukandikakamiza kuti ndisankhe mmodzi pa gulu limeneli ndinena Shinde, chifukwa ndiye ankachititsa kuti matimu aziopa kudutsa pakati. Koma kuloza chaka chimodzi n'kunena kuti ichi chidali cha Shinde yekha kungakhale kunamiza owerenga. Idali timu ya anthu ofanana msinkhu, ndipo ndi mmene Simwala ankafunira.

Mu Africa ankafika pakhomo koma osalowa. Mu 1983 Al Ahly ya ku Egypt idawatulutsa mu semifainolo ya chikho cha akatswiri, mu 1986 idali Africa Sports ya ku Ivory Coast, mu 1989 MC Oran ya ku Algeria. Kwawo kokha kudali kovuta kuwagonjetsa: kwa zaka zoposa 30 palibe timu yakunja idawagonjetsa pa Zambia m'mipikisano ya mu Africa. Vuto lidali ulendo wa kumpoto kwa Africa, komwe chigoli chimodzi chotenga kunyumba chinkasungunuka msanga.

Tsopano tifike pa 1990, chaka chimene mkangano wonse wagona.

Dziko lidali pamoto chaka chimenecho. Mtengo wa mkuwa udali utagwa kuyambira m'ma 1970, ngongole zidachuluka, ndipo mu June boma litakweza mtengo wa ufa anthu adachita ziwawa ku Lusaka ndi m'matauni ena. Kumapeto kwa mwezi womwewo msilikali Mwamba Luchembe adalengeza pa wayilesi kuti boma la Kenneth Kaunda lagwa, ngakhale zidatha m'maola ochepa. Mabungwe a anthu apantchito, motsogozedwa ndi Frederick Chiluba wa ku Ndola, adali atayamba kale kufuna zipani zambiri. M'kati mwa zonsezi Nkana idali ndi timu yabwino kuposa ina iliyonse imene idakhalapo nayo, ndipo kutsogolo kwake kudali anthu awiri osiyana kotheratu.

Woyamba ndi Gibby Mbasela. Adachokera ku Kalulushi Modern Stars, adadutsa ku Mufulira Wanderers, ndipo adafika ku Nkana ali munthu wokhwima kale. Ankamutcha Cool It chifukwa cha chizolowezi chake choziziritsa masewero. Anzake onse akuthamanga, iye ankaponda mpira n'kuima, kumudikira wotchinga kumbuyo kuti abwere. Wotchingayo akazengereza, Mbasela ankamuyandikira pang'onopang'ono, phewa likupita uku mwendo ukupita uko, bwalo lonse litaimirira chifukwa likudziwa chimene chikubwera. Munthu akangoponya mwendo, mpira wadutsa kale. Nthawi zina ankabwereranso kudzamudyetsa njomba yachiwiri munthu yemweyo, zimene mphunzitsi aliyense amadana nazo koma anthu olipira pakhomo amazikonda. Mu 1990 adasankhidwa kukhala wosewera wopambana wa chaka ku Zambia.

Wachiwiri ndi Kenneth Malitoli, Bubble, mwana wa ku Kitwe komweko wobadwa mu 1966, amene mng'ono wake Mordon ankatchinga kumbuyo pa timu yomweyo. Malitoli sadali munthu wa zionetsero. Ubwino wake udali kudziwa pamene mpira ugwere anzake asanadziwe, ndi mtima wosatekeseka akatsala yekha ndi goloboyi. Adatsogola pa omwetsa zigoli mu ligi zaka zitatu zotsatizana, 1989, 1990 ndi 1991. Mutu womwewo ndi umene udamulola kubwerera pakati atakula n'kumayendetsa masewero a timu ya dziko.

Awiriwa adaitengera Nkana ligi yachitatu motsatizana, ndipo adaifikitsa pamene timu ina iliyonse ya ku Zambia sidafikepo mpaka lero: ndime yotsiriza ya chikho cha akatswiri a mu Africa. Adakumana ndi JS Kabylie ya ku Algeria. Ku Algiers adagonja 1-0. Masewero achibwereza adachitikira ku Independence Stadium ku Lusaka mu December, kutali ndi Chilata, ndipo Nkana idapambana 1-0. Zidathera pa mapenate, ndipo Kabylie idatenga chikho 5-3. Chaka chotsatira, ngati kuwonjezera mchere pabala, Power Dynamos idagonjetsa BCC Lions ya ku Nigeria 5-4 pa masewero awiri n'kubweretsa ku Kitwe chikho cha Africa cha matimu otenga zikho. Mpaka lero wa Power akasowa chonena pa nkhani ya maligi 13 amangofunsa kuti chikho cha Africa chili kwa yani.

Nanga pakati pa Mbasela ndi Malitoli, chaka cha 1990 chidali cha yani? Amene adasankha nthawi imeneyo adapatsa Mbasela, ndipo ndikumvetsa. Ndiye amene anthu ankamukamba m'minibasi pobwerera kunyumba. Koma ine ndimapatsa Malitoli. Kutsogola pa zigoli chaka choyamba kumatheka chifukwa anthu sanakudziwe. Mu 1990 panalibe wotchinga kumbuyo ku Zambia amene sankadziwa kuti woopsa ndi Bubble, aphunzitsi ankamuikira munthu womulondola, ndipo iye adatsogolabe, uku akusewera mu Africa mpaka December, atayambanso chakacho ndi timu ya dziko imene idathera pachitatu mu chikho cha Africa ku Algeria. Mbasela akadapanda kukhalapo, Nkana ikadasowa kukoma. Malitoli akadapanda kukhalapo, ikadasowa mapointi.

Zimene zidatsatira zikuchitira umboni. Atapita ku Espérance ya ku Tunisia adatsogolanso pa omwetsa zigoli mu ligi ya kumeneko mu 1993 ndi 1994. Ndipo mu 1994, Zamalek itatulutsa Nkana mu semifainolo, idakakumana ndi Espérance ya Malitoli mu fainolo n'kugonja. Chikho chimene chidamupulumuka ku Lusaka adakachinyamula ku Tunis atavala malaya a eni ake. Mbasela naye adapita ku Union Berlin ku Germany, kenako ku Espérance komweko, ndipo adamwalira mu 2000 asanafike zaka 40.

Dzina lachitatu la nyengo imeneyo ndi lovuta kuliyeza, chifukwa chisoni chimasokoneza sikelo. Kelvin Mutale, Malaza, adali womwetsa zigoli wamphamvu amene adathandiza Nkana kubweza ligi mu 1992 itapita ku Power chaka chapitacho. Zigoli zake zidamutengera ku Al-Ettifaq ya ku Saudi Arabia. Pa 25 April 1993 adamwetsa zigoli zonse zitatu pamene Zambia idagonjetsa Mauritius 3-0. Patangopita masiku awiri, usiku wa pa 27 April, ndege ya asilikali ya mtundu wa Buffalo imene idanyamula timuyo kupita ku Senegal idagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville ku Gabon. Anthu onse 30 adafa, osewera 18 mwa iwo, pamodzi ndi aphunzitsi Godfrey Chitalu ndi Alex Chola. Kuwonjezera pa Mutale, amene adali atachoka kale, Nkana idataya John Soko, Eston Mulenga, Numba Mwila, Timothy Mwitwa ndi Moses Chikwalakwala. Adaikidwa pafupi ndi bwalo lomwe lija la Independence pamene Nkana idaluzira mapenate.

Masapota ambiri amaika Mutale wa 1992 pamwamba pa onse. Ndikuganiza kuti amawerengera ndi zaka zimene sadasewere, zimene tonse timakhulupirira kuti zikadakhala zazikulu. Chaka chake chidali chabwino kwambiri, koma adalowa m'timu imene idazolowera kale kupambana, ndipo mu Africa sidafike pamene idafika mu 1990.

Chaka cha 1993 chili pachokha. Timu idataya pafupifupi theka la anthu ake odalirika mu April, Simwala adamwalira chaka chomwecho, koma pofika kumapeto ligi idali ku Wusakile. Palibe dzina limodzi limene lingalembedwe pa chikho chimenecho. Ndipo timu ya dziko imene idamangidwanso n'kukafika mu fainolo ya Africa ku Tunisia mu 1994, komwe idagonja 2-1 ndi Nigeria, idadalira kwambiri ana a Nkana: a Malitoli onse awiri, Kapambwe Mulenga, Zeddy Saileti ndi Mbasela.

Kuchoka pamenepo mgodi udayamba kuleka dzanja. ZCCM inkaluza ndalama, anthu ankachotsedwa ntchito, ndipo mu 2000 migodi ya Nkana ndi Mufulira idagulitsidwa kwa kampani ya Mopani, imene mwini wake wamkulu adali Glencore. Eni atsopano adabwera kudzakumba mkuwa, osati kudzasamala makomboni, makalabu ndi matimu a mpira monga inkachitira ZCCM. Nkana idatengabe ligi mu 1999 ndi 2001 ndi mphamvu zotsalira, koma osewera abwino ankachoka akangopeza kolowera. Mu 2004 chidachitika chimene palibe ankachiganizira: Nkana, imene masapota amaitcha Kalampa, idatuluka mu ligi yaikulu. Kwa zaka zingapo inkayenda m'mabwalo afumbi a m'madivishoni a m'munsi, masapota ake akuitsatirabe ambiri kuposa amene ankaonera matimu a pamwamba.

Ndalama za mpira zidali zitasamuka. Zidapita kubanki, ku Zanaco ya ku Lusaka, ndi kukampani ya magetsi, ku ZESCO United ya ku Ndola, mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchoka ku Kitwe. ZESCO idatenga ligi yake yoyamba mu 2007, idabwereza mu 2008 ndi 2010, ndipo mu 2016 idafika mu semifainolo ya Africa komwe idatulutsidwa ndi Mamelodi Sundowns. Bwalo latsopano la Levy Mwanawasa lidatsegulidwa ku Ndola mu 2012. Mzinda umene anthu a ku Kitwe ankauona ngati wa maofesi ndi masitolo udakhala likulu la mpira wa ku Copperbelt.

N'chifukwa chake chaka cha 2013 ndimachilemekeza kuposa mmene achikulire ambiri amachitira. Nkana idali itatha zaka 12 osaona ligi. Mphunzitsi Masautso Mwale adali ndi timu ya anyamata, yopanda ndalama zofanana ndi za ZESCO, ndipo kutsogolo kwake kudali Ronald Kampamba, Sate Sate, wamfupi, wothamanga, wosatopa kuvutitsa otchinga kumbuyo. Adatsogola pa omwetsa zigoli mu ligi, ndipo Nkana idapikisana ndi ZESCO mpaka kumapeto n'kutenga chikho cha 12. Kampamba adalibe Shinde kumbuyo kwake, adalibe Mbasela pambali pake, ndipo adalibe ZCCM yomulipira. Pa funso lija loti timu ikadakhala yotani iye akadapanda kukhalapo, palibe amene amamuposa pa mndandanda wonsewu. Chimene chimamutsitsa ndi Africa. Chaka chotsatira Zamalek idawathira 5-0 ku Cairo, ndipo mu May 2014 Mwale adafa pangozi ya galimoto pamsewu wa pakati pa Kitwe ndi Ndola, timu ikukonzekera masewero a chikho cha Confederation. Kampamba adapita ku Wadi Degla ya ku Egypt koma sadakakhazikike monga adachitira Malitoli ku Tunisia.

Zaka zotsatira zidabweretsa mtundu wina wa katswiri, wochokera kutsidya kwa malire a Congo amene ali pafupi kwambiri ndi matauni amenewa. Walter Bwalya adamwetsa zigoli 24 mu ligi ya 2016, chiwerengero chachikulu pa mpira wa masiku ano, koma ligi idapita ku Zanaco ndipo nkhani ya unzika wake idatenga malo ambiri m'nyuzipepala kuposa zigolizo. Adakafika mpaka ku Al Ahly. Idris Mbombo adatsogola pa zigoli mu 2018, koma Nkana idathera pachiwiri kumbuyo kwa ZESCO. Onse awiri adali osewera enieni, ndipo achinyamata amene adawaona pa kanema ali ndi ufulu wowatchula. Kungoti ku Wusakile chaka chopanda ligi chimawerengedwa ngati chaka chimene china chake chidalakwika, ngakhale wina amwetse zingati. Chikho cha 13 chidabwera mu 2020 pansi pa mphunzitsi Manfred Chabinga, m'nyengo imene idadulidwa panjira chifukwa cha Covid-19, masewero omaliza akuchitika m'mabwalo opanda anthu.

Mndandanda wanga tsono uli motere. Pamwamba pali Kenneth Malitoli wa 1990. Wachiwiri ndi Gibby Mbasela wa chaka chomwecho, ndipo amene angawasinthanitse awiriwa sindikangana naye nthawi yaitali. Wachitatu ndi Ronald Kampamba wa 2013, pamwamba pa Kelvin Mutale wa 1992, ndipo apa ndikudziwa kuti a m'badwo wa Chilata chakale andikwiyira. Walter Bwalya wa 2016 atseke asanuwo. Mudzaona kuti onsewa ndi a kutsogolo. Shinde, Kapambwe Mulenga, Bamfuchile ndi Mordon Malitoli akusowapo chifukwa ntchito ya wolanda mpira sinkalembedwa paliponse, ndipo mafilimu a masewero a nthawi yawo ndi ochepa.

Chimenechi chingakonzeke pang'ono ngati akuluakulu a Nkana atafuna. Nyuzipepala zakale za Times of Zambia, Zambia Daily Mail ndi Mining Mirror zilipo, ndipo ku Ndola kuli nyumba yosungira zolembedwa za migodi kuyambira nthawi ya Rhokana. Ena mwa amene adasewera ndi Simwala akadali moyo ndipo amabwera kubwalo. Timu imene idzakwanitse zaka 100 mu 2035 itume anthu awiri kapena atatu akawerenge masewero onse chaka ndi chaka, akhale pansi ndi achikulirewo ndi chojambulira mawu, asanapite nazo kumanda zimene akudziwa.